Kupewa kusanzanso magazi pambuyo pomangidwa mitsempha ya kummero: chidziwitso kwa anthu a kwa Makhuwira ndi madera oyandikana nawo

Unduna wa Zaumoyo ukudziwitsa alimi, asodzi, ochita malonda ndi anthu onse a m'dera la Mfumu Makhuwira m'boma la Chikwawa, komanso madera ena a m'chigwa cha Shire, za chisamaliro chimene munthu ayenera kulandira akabwerako kuchipatala kumene anakamangidwa mitsempha yotupa ya kummero atasanza magazi. Ambiri mwa odwala otere amabwerera kumudzi ali ndi mphamvu, magazi atasiya kutuluka, ndipo iwo pamodzi ndi abale awo amakhulupirira kuti matenda atha. Matenda amakhala asanathe. Madokotala a matenda a chiwindi padziko lonse amagwirizana kuti mwa anthu 10 amene anasanzapo magazi chifukwa cha mitsempha imeneyi, pafupifupi 6 amasanzanso pasanathe chaka chimodzi kapena ziwiri ngati sakulandira thandizo lopewera, ndipo masabata 6 oyambirira ndiwo oopsa koposa. Chiwerengero chimenechi chimatsika kwambiri wodwala akamamwa mankhwala tsiku ndi tsiku ndi kubwerera kuchipatala pa masiku amene anauzidwa.

Gwero la magazi amene munthu amasanza

Ngakhale magaziwo amatulukira pakamwa, vuto lenileni limakhala m'chiwindi. Magazi onse ochokera m'matumbo ndi m'kapamba amasonkhana mumtsempha umodzi waukulu umene umalowa m'chiwindi, ndipo akadutsa m'menemo amapitirira kumtima. Mlimi wa mpunga wa pa sikimu ya Nkhate akudziwa chimene chimachitika ngalande yaikulu ikadzaza ndi mchenga: madzi amabwerera m'mbuyo, amakwera, amafuna njira zina, ndipo amathamangira m'timingalande ting'onoting'ono timene sitinakumbidwire madzi ochuluka chotero, mpaka mpanda wa dothi umagumuka pamene pali pofooka. M'thupi zimachitika chimodzimodzi. Chiwindi chikauma ndi zipsera, magazi amalephera kudutsa bwino, kapamba amatupa, ndipo magazi amapatukira m'mitsempha yaing'ono ya kumunsi kwa njira ya chakudya, pamene njirayo imalumikizana ndi chifu. Mitsemphayo imafufuma, khungu lake limapyapyala, ndipo tsiku lina umodzi umaphulika.

M'mayiko ambiri chiwindi chimauma chifukwa cha mowa kapena kachilombo ka hepatitis B, ndipo zifukwa ziwirizi ziliponso kuno kwathu. Koma m'chigwa cha Shire muli chifukwa chachitatu chimene anthu sachiganizira: likodzo. Anthu ambiri amadziwa likodzo lokodzetsa magazi. Pali mtundu wina, likodzo la m'matumbo, umene sukodzetsa magazi, ndipo mitundu yonse iwiri imapezeka m'boma la Chikwawa. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi odekha, monga m'ngalande zothirira, m'mathawale otsala madzi osefukira akaphwa ndi m'dambo lalikulu la Elephant Marsh. Timaboola khungu la munthu amene akuwoka mpunga, kuwedza, kuchapa kapena kusamba, timakula n'kukhala nyongolotsi m'mitsempha ya m'matumbo, ndipo timaikira mazira kwa zaka zambiri. Mazira ena amatuluka ndi chimbudzi, koma ena amatengedwa ndi magazi n'kukakodwa m'chiwindi. Thupi limazinga dzira lililonse ndi kachipsera, ndipo pakapita zaka zipserazo zimapanikiza njira za magazi. Nyongolotsi za likodzo anazitulukira ndi Theodor Bilharz ku Cairo m'dziko la Egypt mu 1851, ndipo kuuma kwa chiwindi kobwera ndi likodzo anakufotokoza ndi dokotala wina, Symmers, m'dziko lomwelo mu 1904. Kumeneko nakonso anali alimi a m'minda yothirira amene ankadwala.

N'chifukwa chake mnyamata wa zaka 25 amene sanalawepo mowa akhoza kusanza magazi odzaza beseni. Sanalodzedwe ndipo sanadyetsedwe kanthu. Matendawo anayamba ali mwana wa sukulu akusambira mumtsinje. Pali mfundo ina yolimbikitsa imene odwala ayenera kuimva: pa likodzo, mnofu wa chiwindi kawirikawiri umapitiriza kugwira ntchito yake, chowonongeka chimakhala njira za magazi. Munthu wotere, akatetezedwa kuti asatayenso magazi, akhoza kukhala zaka zambiri akulima ndi kulera ana ake. Chimene chimapha ambiri mwa iwo ndi kutaya magazi kobwereza, kumene kumapeweka.

Chimene timphira timachita ndi chimene sitichita

Odwala a ku Chikwawa ndi Nsanje amene akufunika thandizo limeneli amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko dokotala amalowetsa kudzera pakamwa kapaipi kofewa kokhala ndi nyali ndi kamera kunsonga, kupima kumene amakutcha endoscopy. Akaona mtsempha wotupa amaukokera kunsonga ya kapaipiko n'kuumanga patsinde ndi kamphira kakang'ono. Mtsempha womangidwawo umafota, patapita masiku ochepa umathothoka pamodzi ndi kamphirako n'kutuluka ndi chimbudzi, ndipo pamalopo pamatsala kachilonda kamene kamapola n'kusanduka chipsera. Njira imeneyi inayambira ku America m'zaka za m'ma 1980, ndipo inalowa m'malo mwa njira yakale yobaya mankhwala m'mitsemphayo chifukwa imabweretsa zovuta zochepa.

Kumanga kumatseka pamene pagumuka, koma mchenga uja umakhala udakali m'ngalande yaikulu. Magazi amapitiriza kukankha ndi mphamvu yomweyo. Ndiponso dokotala sangamange mitsempha yonse tsiku limodzi. Wodwala amayenera kubwerera, kawirikawiri pakapita masabata 2 mpaka 4, kuti akamangenso imene yatsala, ndipo ambiri amafunika maulendo 2 mpaka 4, ena kuposerapo, mitsempha isanatheretu. Ikatha amaunikidwanso pakapita miyezi 3 mpaka 6, kenaka kamodzi pa miyezi 6 kapena pa chaka, chifukwa mitsempha yatsopano imatha kutupa. Munthu amene wamangidwa kamodzi n'kuleka ali ngati mlimi amene wapalira mizere iwiri n'kusiya munda wonse.

Aliyense akudziwa kuti ulendo wake si wapafupi. Kuchokera ku Livunzu kapena ku Nkhate munthu ayenera kutsata msewu wa East Bank mpaka pa Thabwa, kenaka kukwera zitunda kupita ku Blantyre, ali ndi womudikirira, ndipo zonsezi zimafuna ndalama. Nyengo ya mvula mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo imadula msewu, monga zinachitikira ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Komabe mtengo wa ulendo wokonzekera ndi wochepa pouyerekeza ndi wa ulendo wausiku, munthu akusanza magazi, abale akusakasaka galimoto ndi anthu opereka magazi. Banja likhale pansi tsiku lomwe wodwala wafika, lione tsiku lolembedwa m'buku lake la kuchipatala, ndipo lipatule ndalama ya ulendowo pa zokolola kapena pa malonda isanalowe kwina. Ngati tsikulo laphonyedwa chifukwa cha madzi kapena maliro, wodwala asachite manyazi: apite kuchipatala cha Makhuwira kapena cha boma ku Chikwawa kuti amuthandize kupeza tsiku lina.

Masabata awiri oyamba

Tizilonda totsala timphira tikathothoka timatha kutulutsa magazi, makamaka kuyambira cha pa tsiku lachisanu kufikira kumapeto kwa sabata yachiwiri. Pa tsiku lomangidwa wodwala amayamba ndi zakumwa, kenaka phala, ndipo madokotala ambiri amalangiza zakudya zofewa kwa masiku angapo: nsima yofewa, mbatata yophika bwino, nthochi zakupsa, masamba ofewa, mazira. Chimanga chokazinga, mtedza wokazinga ndi zakudya zotentha kwambiri ziyambe zadikira, ndipo makakana kapena mlamba achotsedwe minga mosamala. Kumva kuwawa pang'ono pachifuwa kapena kuvutika kumeza kwa masiku awiri kapena atatu n'kozolowereka. Ena amapatsidwa omeprazole kwa masiku ochepa kuti tizilondato tipole msanga. Pambuyo pake munthu adye mokwanira. Kudzimana nyemba, nsomba kapena nyama poopa kudzutsa matenda kumangofooketsa thupi limene lataya kale magazi.

Mankhwala a tsiku ndi tsiku

Apa m'pamene pagona nkhani. Mankhwala amene odwala ambiri amapatsidwa ndi propranolol, ndipo ena amapatsidwa carvedilol. Ntchito yake ndi kuchepetsa liwiro la mtima ndi kuchuluka kwa magazi othamangira kuchiwindi, monga mlimi amachepetsera madzi pa geti kuti ngalande isasefukire. Madokotala a ku Paris, motsogozedwa ndi Didier Lebrec, anaonetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kuti propranolol amachepetsa kusanzanso magazi, ndipo kuyambira pamenepo kafukufuku wasonyeza kuti kumanga mitsempha pamodzi ndi kumwa mankhwalawa kumateteza koposa kumanga kokha. Pa ziwirizi, mankhwala ndiwo mzati. Kwa munthu wa kwa Makhuwira, amene kamera ili naye kutali, mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri, pakuti chitetezo chachikulu chili m'manja mwake momwe, m'mawa ndi madzulo.

Anthu ambiri amawadziwa mapiritsiwa ngati mankhwala a BP, ndipo wodwala akapimidwa n'kuuzidwa kuti BP yake ili bwino amaganiza kuti palibenso chifukwa chowamwera. Ameneyo ndi msampha. Iye sakumwa chifukwa cha BP ya pamkono, koma chifukwa cha kupanikizika kwa magazi m'mitsempha ya kuchiwindi, kumene makina a pamkono sakuona. Mankhwalawa samwedwa kwa mwezi umodzi ngati a chibayo. Ambiri amamwa moyo wawo wonse, ngakhale mitsempha itamangidwa yonse, pokhapokha dokotala atanena kuti asiye. Kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa, chifukwa mtima umayambanso kuthamanga ndipo mitsempha imadzazanso msangamsanga.

Propranolol kawirikawiri amamwedwa kawiri pa tsiku. Dokotala amayamba ndi mlingo wochepa n'kumaonjezera pang'onopang'ono mpaka mtima ukamagunda ka 55 kapena 60 pa mphindi imodzi munthu atapuma, bola BP isatsike mopitirira. Wodwala kapena mwana wake wa sukulu akhoza kuphunzira kwa mlangizi wa zaumoyo kuwerenga kugunda kwa mtima pa dzanja pogwiritsa ntchito wotchi ya pafoni. Kutopa pang'ono ndi chizungulire podzuka zimachitika masiku oyamba, ndipo m'kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno kuchigwa zimakula munthu akatuluka thukuta lambiri osamwa madzi. Adzuke pang'onopang'ono, amwe madzi okwanira, alime m'mamawa. Koma akakomoka, akamabanika, akatsekula m'mimba kwambiri, kapena mtima ukamagunda kosakwana ka 50 pa mphindi, apite kuchipatala tsiku lomwelo kuti akamusinthire mlingo, osati kungotaya mapiritsi. Abambo ena amaona kuchepa kwa mphamvu m'banja ndipo amasiya mankhwala mwakachetechete. Nkhani imeneyi inenedwe kwa dokotala, pakuti mlingo kapena mtundu wa mankhwala ukhoza kusinthidwa. Amene ali ndi mphumu anene asanapatsidwe mankhwalawa chifukwa amatha kutseka chifuwa. Odwala shuga ndi amayi oyembekezera nawonso adziwitse dokotala.

Wodwala akatenge mapiritsi ena akale asanathe, makamaka mvula ikamayandikira, ndipo afunse ngati angapatsidwe okwanira nyengo imene msewu umaduka. Ochita malonda amene amagona m'misika ya ku Nchalo, Bangula kapena Limbe ayende nawo m'thumba pamodzi ndi buku la kuchipatala. Posamuka kuthawa madzi, bukulo ndi mapiritsi zikulungidwe m'pepala la pulasitiki ndipo zikhale m'gulu la zinthu zoyamba kunyamula. Mapiritsi asagawidwe kwa mnansi amene akudandaula mutu kapena mtima.

Kuchotsa chimene chinayambitsa

Aliyense amene mitsempha yake inatupa chifukwa cha likodzo ayenera kulandira praziquantel, amene amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa thupi kapena msinkhu, ndipo amamwedwa munthu atadya. Mankhwalawa amapha nyongolotsi kuti zisaikirenso mazira. Zipsera zakale zolimba sazichotsa, choncho salowa m'malo mwa propranolol, koma amaletsa matenda kukula. Amaphanso nyongolotsi zokhazo zimene zili m'thupi pa nthawiyo, ndipo munthu akalowanso m'madzi a nkhono amatenganso zina. Kuuza mlimi wa mpunga kapena msodzi kuti asakhudze madzi n'kumuuza kuti asadye. Chotheka ndi kuvala jombo pamene ntchito ikulola, kusamba ndi kuchapa ndi madzi a pamjigo, kapena madzi amene atenthetsedwa kapena kusungidwa masiku awiri, ndi kulandira mankhwala mobwereza monga achipatala alangizira. Ana alandire mankhwala a likodzo akamaperekedwa m'sukulu, chifukwa pa msinkhu umenewo chiwindi chimatha kuchira. Ndipo popeza mazira amafika kwa nkhono kudzera m'chimbudzi ndi mkodzo wa munthu, mudzi umene anthu ake amadzithandiza m'ngalande kapena m'mphepete mwa dambo ukudzilimira wokha matendawa.

Wodwala apimidwenso magazi kuti aone ngati ali ndi hepatitis B ndi HIV. Hepatitis B ali ndi mankhwala, tenofovir, amene alinso m'ma ARV amene anthu ambiri akumwa m'dziko muno, choncho amene ali pa ma ARV asadumphitse. Katemera wa hepatitis B anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002, kutanthauza kuti akuluakulu obadwa chaka chimenecho chisanafike ambiri sanabayidwe, ndipo n'kwanzeru kuti mkazi kapena mwamuna wa wodwala akapimidwe.

Za mowa palibe kunyengerera. Kachasu, masese kapena wa m'botolo, ngakhale pang'ono pa ukwati kapena pa sadaka, umakweza kupanikizika kwa magazi kuchiwindi ndipo umawononga mnofu umene likodzo linausiya wamoyo.

Mankhwala a m'golosale ndi a m'mabotolo

Mlimi akamva msana kapena mutu amagula mapiritsi pa golosale kapena kwa ogulitsa pamsika. Kwa munthu amene anasanzapo magazi, aspirin, Brufen, diclofenac ndi Indocid ndi adani, chifukwa amakanda chifu, amalepheretsa magazi kuundana ndipo amatha kuwononga impso. Mapiritsi ena a mutu ndi chimfine amakhala ndi aspirin m'kati ngakhale dzina lake silikutero. Panado ndiye wololedwa, pa mlingo wochepa umene dokotala wanena. Ogulitsa m'magolosale akupemphedwa kufunsa wogula ngati anasanzapo magazi asanamupatse mankhwala opha ululu.

Mankhwala azitsamba osanzitsa kapena otsekula m'mimba, amene amaperekedwa pofuna kutulutsa chimene akuti munthu anadyetsedwa, apewedwe. Kusanza mokakamiza pamene mitsempha ili yofufuma ndi kuika moyo pachiswe, ndipo zitsamba zina zimawononga chiwindi. Amene mimba yawo yayamba kudzaza madzi kapena miyendo kutupa achepetse mchere ndipo akaonedwe kuchipatala.

Magazi akayambanso

Sikuti nthawi zonse magazi amayamba ndi kusanza. Chizindikiro choyamba chimatha kukhala chimbudzi chakuda bii ngati phula la pamsewu, chomata ndi chonunkha mwachilendo, chimene ndi magazi amene adutsa m'matumbo. Mapiritsi oonjezera magazi nawonso amadetsa chimbudzi, koma chimakhala chouma ndipo munthu amakhala bwinobwino. Pokayika, ndi bwino kukapimitsa. Masanzi ooneka ngati matsokwe a khofi kapena dothi lakuda, kufooka kwadzidzidzi, thukuta lozizira, kuyera kwa zikhatho ndi m'maso, zonsezi ndi zizindikiro zoti munthu akutaya magazi m'kati. Kusokonezeka mutu, kugona masana kosadzuka bwino, kutentha thupi kapena chikasu m'maso nazonso zimafuna chipatala tsiku lomwelo.

Zikatero musadikire kuti kuche kapena kuti mwini mbumba afike. Wodwala agonekedwe chammbali kuti masanzi asalowe m'mapapo, asapatsidwe chakudya, chakumwa kapena mankhwala aliwonse, ndipo atengeredwe kuchipatala chimene chili pafupi, kumene angamuike madzi a m'mitsempha ndi kukonza zomutumiza ku Chikwawa kapena ku Blantyre. Magazi akasiya okha panjira, ulendo upitirire, chifukwa kawirikawiri amayambiranso. Womudikirira anyamule buku la kuchipatala ndi mapiritsi onse, ndipo pofika anene momveka kuti wodwalayu ali ndi mitsempha yotupa ya kummero, anamangidwa liti, ndiponso kuti amamwa propranolol. Mawu omalizawa ndi ofunika chifukwa mankhwalawa amaletsa mtima kuthamanga, ndipo wopima akhoza kuona ngati wodwala sanataye magazi ambiri pamene wataya.

Wodwala wotere nthawi zambiri amafunika kuikidwa magazi, ndipo magaziwo amachokera kwa anthu opereka mwaufulu kudzera ku bungwe la Malawi Blood Transfusion Service ndi m'zipatala. Achinyamata ndi akuluakulu athanzi a m'derali akulimbikitsidwa kupereka magazi pamene mwayi wapezeka. Kwa ochepa amene amatayabe magazi ngakhale akumwa mankhwala ndi kumangidwa mitsempha mokwanira, madokotala a pachipatala chachikulu amaunika njira zina, kuphatikizapo opaleshoni yochotsa kapamba ndi kutseka mitsempha yozungulira chifu, imene yagwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri pa odwala likodzo ku Egypt ndi ku Brazil.

Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, makomiti a masikimu a ulimi wothirira ndi a m'madoko a asodzi akupemphedwa kufalitsa uthengawu m'misonkhano yawo. Aliyense amene anasanzapo magazi, kapena amene ali ndi chotupa cholimba kumanzere kwa mimba pansi pa nthiti, ngakhale sakumva kuwawa, akaonane ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwake kapena apite kuchipatala cha Makhuwira atatenga buku lake la kuchipatala.